Rauta imodzi, makomo anayi: tigawane Wi-Fi, koma tikambilane poyamba

Pa mapuloti ambili mu Lusaka pali zinthu zitatu zimene anthu akhala akugawana kucokela kale: mita ya malaiti, pompi ya madzi na cimbudzi ca kuseli. Mikangano yake si yacilendo kwa aliyense wa ise. Mayuniti akatha ca m'ma 19 hours nsima ili pamoto, maso a puloti yonse amayang'ana kukhomo la uja ali na stovu ya mapuleti awili. Bilu ya madzi ikabwela, amai amene amacapila anthu mabulangeti amakhala zii ngati nkhani siiwakhudza. Manje pabwela cinthu cacinayi, kabokosi ka tumalaiti tothwanima kamene kamakhala pawindo olo pamwamba pa kabati: rauta ya intaneti. Ndipo tayamba kale kukatenga monga mmene tinatengela mita, kugawana osakambilana, pambuyo pake kukwiyilana osafunsana.

Ine nili kumbali ya ogawana. Nyumba imene ili na laputopu ya kunchito, kompyuta yakale ya ana a sukulu na mafoni asanu siifunika kugula intaneti maulendo 7. Ndipo mabanja atatu kapena anayi okhala mumpanda umodzi, amene amapemphana mcele na makala, alibe cifukwa colipilila aliyense payekha cinthu cimene cingakwane onse. Amene nitsutsana nawo ni aja amaganiza kuti ukachula pasiwedi basi nkhani yatha. Pamenepo m'pamene nkhani imayambila.

Tiyambe na ndalama, cifukwa ndiye nkhani imene imamveka bwino m'basi. Tonse timudziwa pamela, uja unga wa m'kapulasitiki wokwana nsima ya usiku umodzi. Munthu sagula pamela cifukwa ca kuchipa. Amagula cifukwa ndalama ya saka ya 25 kg alibe lelo, ndipo mwezi ukatha amapezeka kuti walipila zambili kupambana mnzake amene anagula saka kamodzi. Bundle ya tsiku limodzi ni pamela wa intaneti. Nthawi zambili bundle ikakhala yaing'ono mtengo wa GB imodzi umakwela, ndipo zotsala zimafa nthawi yake ikakwana olo simunazisewenzetse. Tiyelekeze nyumba ya anthu 6, aliyense aponyako K5 patsiku. Ni K30 patsiku, K900 pamwezi wa masiku 30. Palibe amene amaiona K900 imeneyo, kaili imatuluka m'mathumba 6 osiyana, pang'ono-pang'ono, pa buthi ya pakona. Ikani manambala a nyumba yanu, kenako mufunse mtengo wa intaneti ya pamwezi ya m'rauta. Mwina mudzapeza kuti saka mumaikwanitsa kale, cimene casowa ni kuika ndalama pamodzi.

Wina anganene kuti za makompyuta ni za kumayadi, ise foni itikwana. Pa WhatsApp na Facebook ikwana, zoona. Koma yesani kulemba CV ya mapeji atatu pa foni, olo kudzaza fomu ya loni ya ana a pa yunivesite, olo ma return a ZRA a kabizinesi kanu. Kucokela mu March 2020, pamene masukulu anatsekedwa cifukwa ca COVID-19, ma assignment na manotsi ambili a m'makoleji amayenda pa intaneti, ndipo cizolowezi cimeneco sicinathe. Malaputopu a second hand adzaza m'mashopu a m'tauni, ndipo alowa m'nyumba za ku Chawama na Mtendere monga mmene analowela ku Kabulonga. Nyumba ya makompyuta awili kapena atatu masiku ano ingakhale ya nesi amene acita digili madzulo, mwana wake wa ku Evelyn Hone, na mlamu amene asakila nchito. Onse atatu afuna intaneti pa ola limodzi, akabwela ku tauni.

Ambili tinayambila pa hotspot. Foni ya atate ndiye rauta ya nyumba, ndipo atate akakwela basi m'mawa intaneti nayo yakwela basi. Foni imatentha, batili imafa msanga, ndipo mwini wake sangapite nayo olo pa kantemba popanda wina kufuula m'nyumba. MiFi ni yabwinoko, koma inapangidwila munthu woyenda: kabatili kake ni kakang'ono, siginolo yake siipyola makoma ambili, ndipo ili na malile a zipangizo zimene ingatenge. Kwa nyumba ya makompyuta angapo, cida cake ni rauta ya pa soketi, ija ili na ziboo zolowetsamo nthambo kumbuyo.

Kabokosi kameneka kamasewenza motele. Intaneti imalowa m'nyumba na njila imodzi: nthambo ya fibre, SIM card ya 4G kapena 5G imene ili mkati mwa rauta, olo mbale ya Starlink, imene inayamba kusewenza mu Zambia mu October 2023. Ikalowa, rauta ndiye kondakitala. Cipangizo ciliconse, kaya calumikizidwa na nthambo kaya na Wi-Fi, imacipatsa nambala yake ya m'nyumba, zija zoyamba na 192.168. Imasunga m'mutu amene wapempha ciani, ndipo yankho likabwela imalipeleka kwa mwini wake, monga kondakitala wa pa Kulima Tower amene saiwala kuti cenji ca K50 ni ca amai a kumpando wa kumbuyo. Koma kunja kwa geti, kampani na dziko lonse amaona basi imodzi cabe, yolembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Basi ni imodzi ndipo mipando ni yowelengeka. Akakuuzani kuti laini yanu ni 10 Mbps, liwilo limenelo ni la nyumba yonse, osati la munthu aliyense. Komanso ka b kakang'ono ako kamanamiza ambili. Kamaimila mabiti, ndipo mabiti 8 ndiwo apanga baiti imodzi, conco 10 Mbps ni 1.25 MB pa sekondi. Failo ya 1 GB idzatenga mamineti pafupi-fupi 13 ngati muli mwekha pa laini. A Netflix eni ake amakamba kuti filimu ya full HD ifuna 5 Mbps. Ndiye kuti TV imodzi yatenga kale hafu ya basi, ndipo wina m'cipinda akatsegula filimu ina pa laputopu, amene ali pa miting'i ya Zoom atsala atalenjekeka pacitseko.

Apa nifuna ticedwepo, cifukwa mikangano yambili imabadwila apa. Kompyuta siidya monga foni. Windows ikaona Wi-Fi imaganiza kuti yafika paphwando, imayamba kukoka ma update yokha osapempha munthu. A Microsoft amatulutsa ma update a citetezo pa Ciwili caciwili ca mwezi uliwonse, ndipo kusamuka kucoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11 ni ma GB angapo pa kompyuta imodzi. Mukakhala na makompyuta atatu, ni katatu. Sinikamba kuti muzimitse ma update, awe, ndiwo amatseka ziboo zimene akuba amalowela. Koma mu Settings muli mabatani awili amene aliyense wa kompyuta ayenela kuwadziwa. Loyamba ni metered connection, pa mbali ya Wi-Fi. Mukaliyatsa, Windows imadziwa kuti intaneti iyi ni yopima, ndipo zambili imaziimitsa mpaka imwe mutalola. Laciwili ni Delivery Optimization. Mukalilola kusewenza pa netiweki ya m'nyumba cabe, kompyuta imodzi ikakoka update, zinzake zingatengeko kwa iyo m'malo mobwelelanso kumsika. Limeneli ni phindu leni-leni la kukhala pa rauta imodzi, koma sinimvako ogulitsa malaputopu akuuzako makasitomala awo.

Mafoni nawo ali na khalidwe lawo. Pa bundle amadziletsa, akafika pa Wi-Fi amamasula lamba. Ma app onse amayamba kudzikonza, WhatsApp imakoka mavidiyo a m'gulu la chechi na la a m'banja, ndipo Google Photos imayamba kutumiza zithunzi kumene imazisungila. Kutumizaku ndiko ambili sakudziwa. Laini ili na njila ziwili, yobwela na yopita, ndipo pa malaini ambili yopita ni yopapatiza. Mwana wanu akabwela ku kitchen party na mavidiyo 40, iye wagona, foni ili phee, koma njila yopita yatsekeka ngati Lumumba Road mathilaki akaima. Zopempha za wina aliyense zimaima pa mzele kumbuyo kwa mavidiyo aja. Atate pa sitting room aona tsamba silitseguka, ayamba kutukwana kampani, pamene wolakwa ni foni imene ili pa chaja kucipinda.

Ndipo popeza wolakwa saoneka, mlandu umagwela amene alibe mau m'nyumba. Data ya mwezi ikatha pa 18, woyamba kufunsidwa ni mwana wa mlongo uja anacokela ku Petauke, kapena mtsikana wanchito. “Ni uyu, amankhala pa TikTok siku yonse.” Pasiwedi imasinthidwa, iye sauzidwa. Naonapo nyumba zimene pasiwedi ili na atate na mwana woyamba cabe, pamene wa Grade 12 amene afuna ma past paper amakaima pafupi na mpanda wa aneba usiku, udzudzu ukumudya. Izi zimanipweteka, cifukwa umboni ulipo ndipo ni wosavuta kuupeza. Tembenuzani rauta, pansi pake pali adilesi monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 olo 192.168.8.1. Ilembeni mu browser, mudzaona maina a zipangizo zonse zimene zalumikizidwa, ndipo marauta ena amaonetsa na data imene ciliconse cadya. Windows nayo imaonetsa ma app amene adya data m'masiku 30 apitawa. Musadabwe mukapeza kuti ni TV ya pa sitting room. Filimu ya HD ingadye mpaka 3 GB pa ola, ya 4K mpaka 7 GB. Series imodzi ya atate na amai pa weekend ingapambane zonse zimene mwana wa ku Petauke wasewenzetsa mwezi wonse. Musanasinthe pasiwedi, tsegulani tsamba limenelo onse ali pomwepo.

Pa liu lakuti unlimited sinicedwapo. Welengani tumalemba tung'ono-tung'ono. Ma package ambili otele ali na cimene amacha fair usage: mukafika pa mlingo wakuti-wakuti sakudulani, koma liwilo limatsika mpaka mwezi utathe. Nyumba imodzi mwina siifikako. Makomo anayi angafikeko mwezi ukali pakati.

Cina cimene cimayambanitsa anthu ni makoma. Banja la kabini ya kumbuyo limalipila cimodzi-modzi na la nyumba yaikulu, koma siginolo imafika itatopa, ndipo amayamba kuganiza kuti mwini rauta awamana dala. Wi-Fi ni wailesi, ndipo mabuloko a simenti, malata na ma burglar bar a nyumba zathu ni adani ake. Marauta ambili atsopano amaulutsa pa 2.4 GHz na pa 5 GHz. Ya 5 ili na liwilo koma makoma amaifooketsa msanga. Ya 2.4 imafika patali koma ni yodzaza, cifukwa marauta a aneba, Bluetooth na microwave zonse zili mmenemo. Rauta siifuna kubisidwa m'kabati kuopa akawalala, olo pansi kuseli kwa TV. Ifuna pamwamba, pakati pa nyumba. Ndipo kompyuta imene siisuntha, ija ya pa thebulo, ipatseni nthambo. Nthambo ya Ethernet imanyamula bwino mpaka mamita 100, ilibe nazo nchito za makoma, ndipo imasiyila mafoni mpata mumphepo. Kabini ya kumbuyo njila yake ni yomweyo: nthambo kucoka ku rauta yaikulu, na karauta kaciwili kumapeto kwake. Koma nthambo yodutsa panja pakati pa nyumba ziwili ipite m'paipi pansi, osati kuimanga ku mtengo wa mango ngati waya woyanikapo zovala, ndipo mphenzi za mu December zikayamba muziizula. Nthambo imodzi ingaotche marauta a nyumba ziwili usiku umodzi.

Manje tifike kwa aneba a kunja kwa mpanda. “Ba neighbour, nipaseniko pasiwedi, nifuna cabe kutuma CV.” Ndani angakane? Ine sinikana. Koma dziwani kuti pasiwedi ikatuluka pakhomo imabala ana. Kucokela pa Android 10, foni ingaonetse QR code ya Wi-Fi imene yalumikizidwako, mnzake ajambula cabe, walowa. Wa CV apatsa mng'ono wake, mng'ono wake apatsa anzake a pa pool table, ndipo pakatha milungu iwili muona anyamata atatsamila mpanda wanu madzulo alionse, mitu pansi. Mankhwala ake ali kale m'marauta ambili, ni guest network: Wi-Fi yaciwili ya dzina lina na pasiwedi ina, imene mungasinthe mlungu uliwonse osasokoneza a m'nyumba, ndipo pa marauta ena mungaiikile malile a liwilo. Ikakonzedwa bwino, alendo a pa guest saona makompyuta anu. Izi n'zofunika, cifukwa makompyuta a pa netiweki imodzi amaonana, ndipo ngati munatsegula folda kuti mugawane mafailo na laputopu ya amai, wina wa kunja angaipeze. Pa Wi-Fi yogawana na anthu amene si a m'banja, uzani Windows kuti netiweki ni Public. Ndipo pasiwedi ya tsamba la rauta, ija inabwela ili admin, isintheni lelo. Amene ali nayo ndiye alamulila intaneti yanu, olo olipila ndimwe.

Paja nakamba kuti kunja amaona basi imodzi. SIM card ya m'rauta inalembetsedwa na NRC ya munthu mmodzi, pangano la fibre linasainidwa na munthu mmodzi. Dziko lino lili na malamulo a milandu ya pa intaneti, ndipo ngati wina asewenzetsa laini yanu kubela anthu ndalama olo kuopseza munthu, khomo loyamba kugogodedwa ni lanu. Mwina pothela pake coonadi cidzadziwika, koma mudzakhala mutataya masiku pa benchi ya ku polisi. Ine sinitenga zimenezi monga cifukwa cokanila kugawana. Nizitenga monga cifukwa codziwila amene mugawana nawo, maina awo na zipangizo zawo. Kiyi ya geti simupatsa munthu amene simudziwa kumene agona.

Pali mtundu wina wa kugawana umene nikana. Ba landilodi ena aona mwayi: aika rauta m'nyumba mwawo, aonjezela ndalama pa lendi ya aliyense, wofuna na wosafuna, ndipo lendi ikacedwa masiku awili pasiwedi yasintha. Ni khalidwe lomwe lija lozimitsila munthu malaiti pa main switch, langovala suti. Mwana amene ali na mayeso a pa intaneti mawa alibe mlandu pa lendi ya atate ake. Palinso nkhani ya maso. Wosunga rauta sangawelenge mauthenga anu a WhatsApp, amenewo ni okhomedwa kucokela mu 2016, ndipo sangaone zimene mulemba pa mawebusaiti a https monga a banki. Koma angaone kuti foni yanu yalowa nthawi yanji na kucoka nthawi yanji, ndipo pa marauta ena angaone maina a mawebusaiti amene mwatsegula. Kwa mtsikana amene akhala yekha pa lendi, landilodi wodziwa ola limene wafika panyumba usiku uliwonse si nkhani yaing'ono. Conco ngati akuitanilani pa Wi-Fi ya ba landilodi, funsani amene ali na pasiwedi ya admin, ndipo ngati mtima sunakhazikike, kanani. Intaneti isakhale mbali ya lendi yokakamiza.

Ena adzati kugawana na aneba ni kubela kampani. Mau amenewa ali na mbali yake yoona. Kugulitsa intaneti kwa anthu monga bizinesi kumafuna laisensi ya ZICTA, malinga na lamulo la ICT la 2009, ndipo mapangano a makampani ambili amakamba kuti laini ni ya pamalo amodzi, yosagulitsanso. Amene waimika mlongoti padenga na kuyamba kugulitsa ma voucher ku komboni yonse watsegula bizinesi, ndipo adziwe malamulo ake. Welengani pangano lanu musanakoke nthambo. Koma mabanja atatu a pa puloti imodzi, adilesi imodzi, osonkha monga a cilimba kuti alipile bilu imodzi, ine sinionapo wobeledwa. Kampani yalandila ndalama yake yonse pa tsiku lake, kucokela kwa anthu amene payekha-payekha sakanagula rauta n'komwe.

Malaiti nawo ali na mau pankhaniyi. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, madela ambili anafika pokhala na malaiti maola atatu cabe patsiku, ndipo tinaona kuti intaneti ya mwezi yolipilidwa kale ilibe nchito kabokosi kakazima. Mwayi wake rauta wamba siidya zambili, mawati pafupi-fupi 10, monga babu imodzi ya LED, ndipo ka mini UPS kangaisunge yoyaka maola angapo. Mbale ya Starlink imadya kangapo kuposa apo, conco ofuna kusonkhelana imeneyo awelengeletu na mtengo wa batili. Pa puloti, rauta ikhale m'nyumba imene ili na sola kapena inveta, olo isakhale ya mkulu wa puloti, ndipo magetsi amene banjalo lipeleka awelengedwe monga mbali ya cosonkha cawo.

Zonsezi zifuna msonkhano umodzi wa mamineti 30 pansi pa mtengo, na buku la exercise. Khomo lililonse lipeleka zingati, ndipo zifike pa deti iti. Kwa ine kugawa molingana pa khomo si cilungamo nthawi zonse. Nkhungulume ya foni imodzi siingalipile cimodzi-modzi na banja la TV, malaputopu awili na mafoni 6. Welengani zipangizo, TV na kompyuta muziike pa mtengo wokwelako. Mugwilizane kuti madaunilodi aakulu na ma update azicitika usiku anthu atagona, kuti mavidiyo azikhala pa 480p olo 720p madzulo pamene onse ali panyumba, ndipo kuti wa mayeso olo wa intavyu akakamba, TV ipume ola limodzi. Wocedwa kulipila apatsidwa masiku angati asanacotsedwe? Zimenezo zikambidwe onse akali kuseka, osati pa 5 mwezi wamawa nkhope zitauma. Nanga wosamuka atenga ciani, popeza rauta na nthambo zinagulidwa na onse? Funso ili limaoneka laling'ono kufikila tsiku limene Canter yaima pageti katundu ali panja.

Kwa makampani nili na pempho. Anthu ambili a mumzinda uno akhala m'makomboni, mabanja angapo pa puloti imodzi, koma ma package a intaneti ya panyumba amapangidwa monga kuti aliyense ali na nyumba yake na mpanda wake. Luso lake lilipo kale: rauta imodzi ingaulutse ma Wi-Fi angapo, iliyonse na pasiwedi yake na gawo lake la liwilo. Cotsala ni kuti khomo lililonse lizilipila gawo lake lokha pa mobile money, m'dzina lake, ndipo losalipila lizime lokha osakhudza anzake. Pamenepo ba landilodi sakhalanso oweluza, mwini NRC sanyamulanso milandu ya puloti yonse, ndipo a ZICTA angakambe poyela malile a kugawana kololedwa, anthu aleke kubisa nthambo kuseli kwa maluwa. Pa mapuloti amene anakwanitsa kuika mita ya prepaid pa khomo lililonse, ndewu za mayuniti zinatha. Kampani imene idzayamba kugulitsa intaneti ya puloti iyambile ku Kanyama, Matero na Kalingalinga, kumene nthambo zadutsa kale pamwamba pa mipanda.